Ndinauza angelo a imfa kuti anditenge, ndili ndi pakati

Nkhani iyi ndikamaifotokoza pagulu sipalephera kupezeka wina wogwedeza mutu n'kumati amai awa athirako mchere, koma ndikunenetsa, palibe chimene ndawonjezera. Zinandichitikira ineyo, osati kutulo kapena nditalawa kanthu, koma masanasana dzuwa lili paliwombo, ndipo munthu amene ndinali naye tsiku limenelo ali moyo mpaka lero. Maina okha sinditchula, poti enanu mumagula naye tomato pamsika umodzi.

Ine ndimakhala ku Kacholola, ndimagulitsa nthochi pamsewu waukulu wopita ku Lusaka, ndipo amabasi amene amaima pamenepo amandidziwa ndi pakamwa. Kondakitala akandigwetsera phava la nthochi amakafika ku Nyimba makutu akulirabe. Ndine mkhristu, wakwaya ndithu. Koma mlongo wanga wamkulu, amene anandilera makolo athu atatisiya kumudzi ku Luembe, anali Msilamu. Anapita ku Petauke ali mnyamata kukaphunzira utelala kwa mdala wina wa Chiyao amene ankasokera pakhonde la sitolo, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira, anaphunzira makina, n'kuphunziranso njira ya kumzikiti, mapeto ake n'kukwatira mwana wa mdalayo. Ine ndi mlamu wangayo magazi sankagwirizana. Anali mkazi wofatsa mopitirira, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, ndipo akabwera kwathu ankayamba wafunsa kuti nkhuku wazinga ndani asanaikhudze. Ine ndinkati ndi matama basi. Nanga nkhuku yanga inamulakwira chiyani?

Chaka chimenecho ndinali ndi pakati, ndipo mimba imeneyi tinkaisamala ngati dzira chifukwa ziwiri zam'mbuyo zinapita padera. Inali itakula kale moti kuwerama kunali ntchito. Ndiye kunabwera foni yoti kuchipatala amubweza mlongo wanga kuti akapumulire kunyumba, ndipo palibe amene sadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Bambo a kunyumba anandiletsa kupita, ati ndi kutentha kumeneku ndiponso ndi mmene ndililimu ndingokadzipweteka, komanso akuluakulu salola woyembekezera kukhala pamene munthu akutsirizika. Ndinawayankha kuti munthu amene anandibereka kumsana ndili wamamina sangafe ine ndikuwerenga mabasi pamsewu. Ndinamanga chitenje n'kukwera minibasi ya ku Petauke.

Ndinamupeza atatheratu, mafupa okhaokha. Anamugoneka pamatiresi pabalaza, chammbali, nkhope italoza kumene Asilamu amayang'ana akamaswali. Mlamu anandiuza kuti papita masiku asakulankhula, madzi okha ndi amene ankamudonthezera ndi sipuni. Ashehe a kumzikiti kwawo anabwera m'mawa kudzawerenga mapemphero n'kubwerera kukatsogolera swala ya masana, ana anali atawatumiza kwa aneba, choncho m'nyumbamo tinatsala awiri, ine ndi mlamu, ndi wodwalayo.

Ndinakhala chakumapazi kwake nditatambasula miyendo kuloza kukhomo, poti inali itatupa, ndikumukupiza ndi chidutswa cha katoni. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Mwadzidzidzi mlongo wanga anatsegula maso n'kunditchula dzina langa la paubwana, limene palibenso wina ankalidziwa, ndipo mawu ake anamveka bwinobwino ngati a munthu amene sanadwalepo. Anandiuza kuti ndipinde miyendo alendo adutse. Ndinapinda, n'kucheukira kukhomo ndikuganiza kuti ashehe aja abwerera. Chitseko chinali pululu, panja mbee, nkhuku yokha itayasama pamthunzi wa mango. Panalibe munthu ngakhale mmodzi.

Ndinamufunsa kuti alendo ake ndi ati. Anamwetulira n'kundifunsa ngati maso anga ali bwino, ati adzaza pabwalo ponse, akhala pansi mpaka kuseri kwa mpanda, mpaka kumene maso alekezera, ndipo nkhope zawo ndi zowala. Ati anyamula nsalu yopinda bwino. Ndiye poti telala ndi telala mpaka tsiku lomaliza, anayamba kuiyamikira nsaluyo, ati yotere sanaigwirepo chiyambire kusoka, m'masitolo onse a mu Petauke mulibe. Kenaka anati wamkulu wawo walowa, wakhala kumutu kwake. Anasuntha mutu pang'ono papilo ngati mmene umachitira popatsa mnzako malo, n'kuyankha moni wa Chisilamu uja, kuyankha munthu amene ife sitinamumve akupereka moni.

Abale anga, ine ndaonapo ngozi zoopsa pamapiri a ku Kacholola, ndathandizapo kutola anthu m'mbali mwa msewu, koma mantha a tsiku limenelo anali amtundu wina. M'nyumba yotentha choncho ine ndinkamva kuzizira. Mwana amene ankandimenya mateche tsiku lonse anangoti zii. Munamvekanso kafungo kabwino kamene sindinakamvepo, ndipo pambuyo pake nditafunsa, mlamu anati tsiku limenelo sanafukize lubani kapena china chilichonse.

Mlamuyo sanatekeseke. Anakonza mpango wake kumutu, n'kusendera pafupi ndi khutu la mwamuna wake, n'kunena motsitsa mawu a chikhulupiriro chawo aja, oti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Mulungu mmodzi yekha. Sanamukakamize, ananena n'kudikira. Mlongo wanga anabwereza mawuwo mpaka kumapeto. Pamphumi pake panatuluka thukuta, maso ake anayamba kukwera pang'onopang'ono kuloza kudenga ngati akutsatira kanthu kamene kakunyamuka, mpaka anaima. Kunali kutha kumeneko.

Tsono apa ndi pamene ndinapalamula. Kwathu ku Luembe munthu akatsirizika, mkazi amene ali pafupi ndiye amabuma maliro kuti mudzi wonse umve, ndipo ukangoti duu osalira mokweza anthu amayamba kukuyang'ana ndi diso lina. Polira sitingolira, timalankhula. Timamufunsa wakufayo kuti watisiyira yani, timaikalipira imfa, timanena zonse zimene zabwera pakamwa, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi kulira chabe. Ndinadzigwetsa pansi ndi chimimba changa n'kuyamba. Ndinaloza kukhomo n'kunena kuti inu alendo amene mwabwera kudzatenga mlongo wanga, musapite naye yekha, nditengeni inenso, nditsalira chiyani pano, ndipo ngati lero manja adzaza mubwerenso msanga mudzanditenge.

Sindinamalize. Mlamu wofatsa uja anandilumphira n'kunditseka pakamwa ndi dzanja, mwamphamvu moti milomo inakanikizika kumano. Anandigwira choncho kwa kanthawi, misozi ikungoyenderera m'masaya mwake, kenaka anandinong'oneza kuti, “Mulamu, osakamba tero, akalibe kuyenda.” Ankatanthauza kuti alendo aja anali asanachoke. Anandiuza kuti mngelo wa imfa, amene iwo amamutcha Malakul Mauti, sabwera yekha, amabwera ndi anzake odzalandira mzimu, ndipo pa nthawi ngati imeneyi chilichonse chimene eni nyumba alankhula, angelowo amavomereza kuti amini. Ati n'chifukwa chake iwo pamenepa amangonena zabwino zokhazokha, misozi njololedwa koma kudzitemberera ayi.

Choyamba chimene chinandibwerera ndi ukali. Ndinakankha dzanja lake n'kumuuza kuti wagona apayu ndi magazi anga, iye anamupeza ali kale ndi ndevu, ndiye asandiphunzitse kalilidwe. Koma ndikunena choncho, dzanja langa linali litapita lokha pamimba. Ndinapempha kutengedwa, inde, koma kodi m'thupi muno ndinali ndekha? Akabwera kudzatenga ine, mwanayu adzamusiya pati?

Maliro anaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa mwambo wawo, abale a ku Luembe akanasakasaka galimoto. Amuna anasambitsa thupi, analikulunga m'nsalu yoyera n'kulinyamula, ife akazi tinatsala pakhomo. Sindinabumenso. Amai ena a kumzikiti anandiyamikira kuti ndalemekeza chipembedzo cha malemu, osadziwa kuti ndinkaopa kutsegula pakamwa. M'mawa mwake ndinanyamuka, mlamu ndinangomutsanzika ndili chiimire pakhomo, iye akundipempha kuti ndikhaleko kaye tikambirane.

Masabata otsatirawo sindifuna ngakhale mdani wanga adzawaone. Madzi akatayika saoleka, ndipo mawu aja ankangondilira m'mutu. Sindinauze munthu. Ndikanauza bambo a kunyumba akanati paja ndinakuletsa, ndikanauza abusa akanandifunsa kuti munthu wakwaya akuopa bwanji za kumzikiti. Inenso ndinkadzilimbitsa mtima ndi zomwezo, kuti ndine wobatizidwa, angelo a Asilamu ali nane chiyani? Koma ndikaganiza bwino, kodi mngelo amayamba wafunsa kuti umapemphera kuti? Ndiponso miyendo ija ndinapinda ndine, ndipo amene anadutsa anadutsa pafupi ndi ine, anandiona, anandimva.

Pamsewu ndinasanduka munthu wina. Lole ikamatsika phiri ndinkathawira kuseri kwa matebulo, basi ikaima anzanga n'kumathamangira kumawindo, ine ndili phee ndi beseni langa. Munthu wovala zoyera akatsika, ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga. Makondakitala anayamba kufunsa anzanga kuti mai wa mkamwa uja wadwala chiyani. Ndinasiya kugula matewera ndi tizovala ta mwana, poti ndinkati ndigulira yani, ndipo tsiku lina ndinapezeka ndikuwasonyeza bambo a kunyumba pamene ndimasunga mbewu ya mtedza, iwo n'kumadabwa kuti kodi ndili pa ulendo. Chakudya sichinkatsika. Mwana akatakataka ndinkamupepesa chamumtima kuti mai ake ndi chitsiru.

Mvula yoyamba itangogwa, tsiku lina m'mawa ndikupatsa nthochi munthu pawindo la basi, ndinamva kupotokola m'mimba ndi kutentha m'miyendo. Kuyang'ana pansi, magazi, ndipo masiku anga anali asanakwane. Anzanga anandizinga ndi zitenje n'kuimitsa lole ya chimanga imene inkalowera ku Nyimba, dalaivala wake Mulungu amudalitse kumene ali, sanafunse zambiri. Njira yonse ndinkangonena kuti abwera, abwera, anzangawo n'kumayesa kuti ndikunena madokotala. Kuchipatala anandithamangitsira ku opaleshoni, ndipo ndinamva namwino akuuza bambo a kunyumba, amene anali atatipeza, kuti magazi akutayika kwambiri, akachedwa ataya tonse awiri. Kuchokera pamenepo sindikumbuka kanthu.

Nditatsitsimuka kunali kukanawala, dzuwa likulowera pawindo, koma maso anga ankaona ngati muli nkhungu. Miyendo sindinkaimva. Ndinafufuza pamimba, panali pataphwa, ndipo panalibe kulira kwa mwana paliponse. Ndiye ndinazindikira kuti kumutu kwanga kwakhala munthu, wovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ali chete. Kumutu, pamalo omwe aja ananena mlongo wanga. Ndinayamba kudandaula monong'ona kuti ndabweza mawu anga, kunali kulira chabe, kwathu timalira choncho. Ndinati ngati n'zosatheka kubweza, tengani ine ndinakuitanani, koma mwanayo sanalankhule kanthu, musiyeni. Ndinatsinzina n'kudikira kuti ndimve mmene mzimu umachokera.

Pamphumi panga panafika dzanja lofunda, ndipo dzanjalo linkanunkha anyezi. Ngakhale ndinali pakati pa moyo ndi imfa, nzeru zinandiuza kuti mngelo sangachokere kukhitchini. Nditatsegula maso bwino ndinaona kuti ndi mlamu wanga, atafunda nsalu yoyera imene ankavala chimwalirire mwamuna wake.

Kuti mumvetse kukula kwa chimene anachita, mkazi wa Chisilamu mwamuna wake akamwalira amakhala pa eda, ndiye kuti amabindikira pakhomo miyezi ingapo, osayenda ulendo pokhapokha pagwe vuto lenileni. Bambo a kunyumba atasowa wowathandiza anamuimbira foni, iye n'kusiya ndiwo pamoto, ana n'kuwapereka kwa aneba, n'kukwera galimoto yoyamba imene anaipeza. Ati anaona kuti ngati ili si vuto lenileni ndiye kuti vuto lenileni kulibe. Chinthu choyamba chimene anandiuza n'choti mwana ali moyo, wamkazi, wochepa ngati botolo koma wolira mwaukali, ali m'chipinda chofunditsira makanda. Ndinalira, ulendo uno mopanda mawu.

Anandifunsa kuti ndimayankhula ndi yani muja. Ndinamuuza zonse, kuyambira tsiku la maliro mpaka za mbewu ya mtedza. Anayamba waseka, koyamba ine kumva kuseka kwake, kenaka kusekako kunasanduka misozi, n'kundipepesa kuti anandiuza theka lokha la nkhani, ndipo pamene ankafuna kumaliza ine ndinali nditanyamula kale chikwama. Ati Malakul Mauti ndi wantchito chabe, satumidwa ndi wogulitsa nthochi, satumidwa ndi shehe, ngakhale iye mwini sasankha woti amutenge. Tsiku la munthu lili m'manja mwa Mwini wake, ndipo mngeloyo sangalifulumizitse kapena kulichedwetsa ngakhale ndi kuphethira kwa diso. Ati amini wa angelo ndi pempho, woyankha ndi Mulungu, ndipo Mulungu amadziwa kusiyanitsa mawu a chisoni ndi zimene mtima ukufunadi.

Kenaka anandiuza chimene sindidzaiwala mpaka tsiku langa lenileni lidzafike. Ati pamene ananditseka pakamwa paja, iye sanangokhala. Anapempha Mulungu kuti amukhululukire mwamuna wake n'kumulandira, ndipo pomwepo, alendo aja asanatuluke, anapempha kuti ine andisunge, andipatse moyo wautali ndiponso ndidzachire bwino mwana ali m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ankabwereza pempho lomwelo pa swala iliyonse. Ati ngati angelo anavomereza amini pa mawu ako, mulamu, anavomerezanso pa anga, ndipo anga ndinawanena mutu uli m'malo.

Taganizani, masabata onse amene ine ndinkathawa malole ndi kuopa anthu a zoyera, ku Petauke kunali mkazi wamasiye, wachisoni chake chomwe, akugunditsa mphumi pansi kutchula dzina langa. Mkazi amene ndinamukankha dzanja mwamuna wake asanazizire. Ndinachita manyazi, koma kuposa manyaziwo ndinamva kupepukidwa, ngati munthu amene wamutula mtolo wa nkhuni atayenda nawo mtunda wautali. Tsiku limenelo ndinadya phala mbale yonse.

Anakhala nane m'chipatalamo mpaka ndinayamba kuyenda ndekha. Anamwino atanena kuti mwana wobadwa masiku asanakwane amafunika kumufungatira pachifuwa, khungu kukhudza khungu, ine bala likandipweteka iye ndiye ankamumangirira pachifuwa pake n'kukhala naye tsonga. Amai ena m'wodimo ankafunsa kuti kodi ndi mkulu wanga, ine n'kumavomera, poti chibale ndi fupa, ndipo ichi ngakhale chinabwera ndi ukwati sichinaole. Titatuluka anabwerera ku Petauke kukamaliza eda yake.

Mwanayo lero ali kusekondale, wamtali kundiposa, ndipo pakamwa anatengera ine, aphunzitsi ake ndiwo angakuuzeni. Patchuthi amakakhala kwa mlamu wangayo. Ine ndikanali mkhristu, ndikanaimba kwaya, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa bwino amene anadutsa pafupi ndi miyendo yanga tsiku lija. Madokotala anati vuto la magazi lija limagwera aliyense, likanabwera ngakhale ndikanakhala wosalankhula chibadwire, ndipo sinditsutsa, ndimawathokoza pamodzi ndi dalaivala wa lole uja. Koma chimene ndimakhulupirira tsopano n'choti munthu safa yekha, m'nyumba ya wotsirizika mumakhala modzaza kuposa mmene maso athu amaonera, ndipo amene amabwerawo si achifwamba, ndi otumidwa, amabwera pa nthawi yake ndi ulemu wawo. Ndimakhulupiriranso kuti tsiku limenelo Mulungu anamva akazi awiri, wina wopenga ndi chisoni, wina wodziletsa, ndipo mwa chifundo chake anasankha womumvera.

Ndiye inu anzanga, makamaka ife akazi a kuno amene timati kulira kwenikweni n'kokhala ndi mawu, ndikuchenjezeni. Mukadzakhala pambali pa munthu amene akutsirizika, kaya ndi wa tchalitchi kaya wa kumzikiti, lirani ndithu, misozi siletsedwa, koma lilime ligwireni. Musadziitanire imfa, musaitanire ana anu, musanene kuti mwatsalira chiyani, chifukwa simudziwa amene akumva, ndipo ngakhale Mulungu atakukhululukirani, mawuwo adzakudyani nokha monga anandidyera ine. Nenani zabwino za wopitayo ndi za otsala. Ndipo wina akadzakugwirani pakamwa pa nthawi imeneyo musadzamukankhe, mwina ndi yekhayo m'nyumbamo amene akukupemphererani.